Kamalaya Kodikirira Khanda

Ku Mwase, kumene ndinakulira, singano yoyamba kuigwira inali sipoko ya njinga. Makolo anga anachokera ku Kasungu kudzalima fodya pamunda wa a Mtonga, ndipo mwana aliyense wa pamenepo ankakhala ndi kantchito kake m'chigafa. Abambo ankanola sipoko pamwala, kuiboola kumapeto, ife n'kumabaya nayo masamba a fodya kutsinde ndi kuwatunga pachingwe. Ntchitoyo inkatchedwa kusoka fodya. Choncho pamene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinkadziyesa katswiri wosoka.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera. Mimba inakula modabwitsa, miyendo n'kutupa, kenako manja. Anali atasunga malaya akale a abambo, abuluu, otha pakhosi ndi m'zigongono koma olimba kumsana, kuti asokere khanda. Tsiku lina ndinawaona pakhonde akuyesa kutunga ulusi. Zala zawo zinali zitafufuma ngati nthochi, singano inkangowapulumuka n'kugwera pamphasa. Anayesa kangapo, kenako anapinda malayawo, n'kukawabisa m'dengu.

M'mawa wina, mvula itagwa usiku wonse, amayi anadzuka akudandaula mutu, ati m'maso mukuchita mdima. A Mtonga anamanga ng'ombe pangolo. Ndimakumbukirabe fungo la ndowe ndi fodya wonyowa, ndi mateyala a ngolo akumira m'matope, abambo akukankha kumbuyo opanda nsapato. Amayi anangonditambasulira dzanja lotupalo n'kunena kuti, "Esinati, usamaiwale kutsekera nkhuku." Ananyamuka ulendo wa kuchipatala, ine n'kutsala m'manja mwa aNyaZimba, akazi awo a Mtonga.

ANyaZimba ndinkawaopa. Anali aatali, osalankhulalankhula, ndipo mawu awo ndinkawamva pokhapokha akamatikalipira chifukwa chothyola mango osapsa. Tsiku loyamba ndinakana kudya, ndinangoima pamsewu. Kuchitsime, azimayi amene ankalankhula mokweza ankakhala chete ine ndikafika, ndipo ngakhale ndinali mwana ndinkadziwa tanthauzo la chete wotero. Tsiku lachiwiri aNyaZimba analowa m'nyumba mwathu osandifunsa, n'kutuluka ndi malaya abuluu aja.

"Khala pasi," anatero m'Chitumbuka chawo, akuloza mphasa pansi pa mtengo wa mgwafa. "Amayi ako akubwera ndi mwana. Adzavala chiyani, masamba a fodya?"

Ndinawayankha monyadira kuti kusoka ndimadziwa kale. Iwo anayang'ana manja anga akuda ndi utomoni wa fodya, n'kundituma kuti ndikayambe ndawakwecha ndi phulusa. Pobwera ndinapeza atadula kale kumsana kwa malayawo ndi lumo. Tepi analibe. Chifuwa cha mwana anachiyeza padzungu laling'ono, khosi n'kuliyeza ndi chibakera chawo. Atandipatsa singano yeniyeni ndinaiona ngati chibwana, kanthu kakang'ono kosoweka pogwira. Ulusi unkakana kulowa. Ndinaunyambita mpaka unafewa ngati therere, iwo akungondiyang'ana, osandithandiza.

Msoko wanga woyamba ndinaumaliza mofulumira, ndikubaya motalikirana monga tinkachitira ndi fodya. ANyaZimba analowetsa chala pakati pa msokowo, chala n'kutulukira mbali ina. "Apa mwana adzatulukira pomwepa," anatero, n'kusolola ulusi wonse kamodzi kokha. Kenako anandikhazika pakati pa miyendo yawo, manja awo okhakhala pamwamba pa anga, n'kundisonyeza. Singano ipite kutsogolo, ibwerere pang'ono m'mbuyo ngati munthu woiwala khasu, ipitenso kutsogolo. "Pachoko pachoko," ankatero m'khutu mwanga, kutanthauza pang'onopang'ono. Ankanunkhira utsi ndi sopo, ndipo mantha anga pa iwo anathera pamenepo.

Ndinadzibaya kosawerengeka. Kadontho ka magazi kakagwera pansalu, iwo ankakapukuta ndi malovu n'kundiuza kuti ndipitirize. Madzulo ena ndinasoka mzere wowongoka bwino, mtima utadzaza chimwemwe, n'kuimirira kuti ndikawaonetse. Kamalayako kanaimirira nane limodzi. Ndinali nditakasokera kumodzi ndi siketi yanga. ANyaZimba anaseka mpaka kugwira mtengo, misozi ili mbwembwembwe, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti anali ndi mpata pakati pa mano. M'nyumba mwawo munali makina osokera, opukusa ndi dzanja, ofundikidwa ndi chitenje. Nditawapempha kuti tingogwiritsa ntchito amenewo, anayankha mwachidule kuti ndi owonongeka.

Belu la njinga likalira pamsewu, ndinkadzambatuka kuti ndithamangireko. "Maliza kaye mzerewo," ankatero aNyaZimba, ndipo pomaliza mzerewo njinga inkakhala itadutsa, ya anthu ena. Tsiku lina inalidi ya abambo, yobwereka. Anali atatuwa, maso ali gwaa. Analankhula ndi aNyaZimba motsitsa mawu kuseri kwa nkhokwe, koma ndinamvako kuti amayi awatumiza kuchipatala chachikulu kuboma. Pobwerera anaima pamphasa panga, kunyamula kamalaya kaja, kukatembenuza. Anazindikira kathumba ka malaya awo, kamene ndinaumirira kuti kakhalepo ngakhale khanda silisunga kanthu. Anakagwira nthawi yaitali, kenako anandisisita kumutu. "Pitiriza, mama," anatero, n'kukwera njinga.

Ndinapitirizadi. Ndinapinda mpendero, ndinasoka timikono, wina wautali wina waufupi, ndi kuika batani limodzi kumbuyo. M'mutu mwanga mwachibwana ndinkakhulupirira kuti ndikamaliza kamalayako amayi sangalephere kubwera, poti mwini wake ayenera kudzakavala. Nditamaliza ndinakachapa, kukayanika, n'kumakalondera kuopa mbuzi.

Makolo anga anabwera dzuwa likupendeka, pangolo yomwe ija, imene inakawachingamira pamsewu waukulu. Ndinathamanga kamalaya kali m'manja. Amayi anali ataonda, nkhope yayera, koma anali amayi anga amoyo, atafukata kamtolo pachifuwa. Ndinawapatsa mphatso yanga ndikupuma wefuwefu. Asanayankhe, abambo anatsika mbali ina ya ngolo pang'onopang'ono, nawonso atafukata kamtolo. Kamtoloko kanalira.

Anali mapasa, anyamata okhaokha. Anthu anayamba nthungululu, koma ine ndinayang'ana ana awiriwo, kuyang'ana kamalaya kanga kamodzi, n'kuphulika kulira kwa mkwiyo. "Nanga bwanji simunanene?" ndinafunsa. Mudzi wonse unafa nacho chiseko. Amayi, akuseka mogwira pamimba, anandikokera kwa iwo. "Mwanawe, nanenso sindinadziwe," anatero.

Kamalaya kachiwiri ndinakasoka ndi zotsala za kutsogolo ndi za m'mikono, ndipo kanatuluka kooneka bwino chifukwa dzanja linali litazolowera. Sabata yomweyo ndinamva makina a aNyaZimba akulira kwetekwete, akupenda matewera. Ndinaima pakhomo pawo kukamwa kuli yasa. Iwo sanadzutse n'komwe mutu. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti ntchito imene akanaimaliza madzi asanawire anaitalikitsa dala, kuti mwana wa eni asamaime pamsewu kuyembekezera uthenga umene palibe ankadziwa kuti ukhala wotani. Lamulungu tinapita nawo anawo kutchalitchi. Yohane, woyamba kubadwa, ndiye anavala kokhota kaja, ndipo mpaka lero, ndi imvi zake, amati phewa lake limodzi linakwera chifukwa cha ine. Yakobo amangoti mnzakeyo anafulumira yekha kubadwa.

Tsopano ndili ndi makina anga pakhonde la sitolo ina ku Lundazi. Ntchito yanga yambiri ndi kuchepetsa zovala za salaula, zija za kaunjika, ndi kusintha mazipi. Tizovala ta makanda timangounjikidwa pamsika, tofewa, tamaluwa, toposa chilichonse chimene zala zanga zikanapanga nthawi ija. Atsikana oyembekezera amabwera atadziwa kale kuchokera kusikelo ngati ndi mmodzi kapena awiri, ndipo wotupa miyendo amamuthamangira msanga. Zimenezi ndimazithokoza ndi mtima wonse, sindisirira matope aja ayi. Chimene ndimachisowa n'chaching'ono. Masiku amenewo mwana ankabadwa n'kupeza kuti wina anakhala naye kale pansi masiku ambiri, kumuganizira kukula kwa khosi ndi kutalika kwa mikono, nkhope yake asanaione. Kawirikawiri tinkayeza molakwika. Koma khandalo linkafika pakhomo poti linkadikiridwa, ndipo umboni wake linkauvala pathupi.