Katoni ya Amalume Sinatsegulidwe

Kwathu wamkulu akamakupatsa chinthu umagwada n'kutambasula manja onse awiri. Ine ndinaphunzira zimenezi ndisanadziwe n'kuwerenga komwe, ndipo ndinali ndisanaphonyepo. Anthu ankanditama kuti ndine mwana wofatsa, koma zoona zake ndinali wamanyazi chabe. Mawu anga ambiri ankathera m'kope lomwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku. Tsiku lomwe ndinagwada manja osatambasula ndinali Fomu 3, ndipo nkhani yake inayambira kuchigayo.

Pa Dwangwa, pafupi ndi chigayo chomwe ndinkakagayitsa chinangwa cha kondowole, panali kanyumba ka magemu. Ndikakhala pamzere ndinkasuzumira pawindo. Anyamata ankasewera mpira akukuwa, koma pakona panali kompyuta ina yomwe inali ndi gemu yoyendetsa lole. Munalibe kuwomberana, munalibe phokoso. Umangosenza katundu n'kuyamba ulendo pamsewu wautali, mvula ikuwaza pagalasi, mapiri akubwera n'kumadutsa. Ndinkaiyang'ana mpaka wina kundigwedeza kuti mzere wasuntha.

Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinalowa.

"Chemwali, chigayo ndi khomo linalo!" anatero mnyamata wina, osacheuka n'komwe.

"Musiyeni, mwina wabwera kudzatisesera," mnzake anayankha, ndipo nyumba yonse inaseka.

Ndinatuluka ndikuyang'ana zala za kumapazi. M'kope ndinalembamo mawu ochepa tsiku limenelo: ndidzakhala ndi yanga, kunyumba, popanda wondiseka.

Aphunzitsi athu a kompyuta, mayi wamfupi wosachedwa kuseka, ndi amene anandiuza kuti kompyuta sumachita kugula yathunthu. Umagula chimodzichimodzi ngati mmene anthu amagulira malata a nyumba, kenako n'kulumikiza wekha. Anatsegula kompyuta yakufa ya pasukulu n'kundionetsa zamkati, chilichonse ndi dzina lake ndi ntchito yake. Anandiuzanso kuti pa gemu, mtima wa zonse ndi khadi la zithunzi, kachipangizo komwe kamajambula zomwe ukuona pa sikirini. Popanda ilo, lole siyenda bwino.

Pogulira panali. Amayi anali atandidulira kachigawo ka munda wa mpunga kudambo, monga amachitira mwana akasinkhuka: wodzala ndiwe, woingitsa mbalame ndiwe, zokolola n'zako. Anzanga mpunga wawo unkasanduka nsapato kapena foni. Wanga unkakwera galimoto limodzi ndi matumba a amalume, achimwene awo a amayi, omwe amakagulitsa mpunga ku Lilongwe mwezi ukamatha. Ine ndinkangowauza chogula, iwo n'kubwera nacho. Ankandiseka nazo, koma mokoma. Akafika pakhomo ankaitana kuti, "Bwana mkubwa, kaunjika wanu wa kompyuta wafika!"

Kusankhako ndinkakukonda kwambiri. Nthawi ya buleki aphunzitsi ankandibwereka foni, ine n'kumayerekeza ichi ndi icho. Lamulo langa linali limodzi: china chilichonse chichepe kuti khadi likule. Pulosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ndinasankha yakale yochokera m'kompyuta za m'maofesi, ndi bolodi lalikulu lolumikizapo zonse logwirizana nayo, chifukwa ziwirizi zikasiyana mabowo sizilowana ngakhale uzinyengerere. Ramu, yomwe imathandiza kompyuta kukumbukira zomwe ikuchita, ndinatenga yogwirapo kale ntchito. Disiki yosungiramo zinthu ndinatenga yaing'ono koma yothamanga. Chinthu chokha chomwe ndinakana kugula chakale ndi pawa sapulayi, kabokosi komwe kamagawa magetsi mkatimo. Magetsi a kwathu akazima amabwerera mwaukali, ndipo sindinkafuna kuti tsiku lina awotche mpunga wanga wonse nthawi imodzi.

Pa kesi, chibokosi choikamo zonsezi, ndinavutika mumtima. Panali zokongola, zagalasi, zoyaka mitundumitundu. Ndinazisirira ndithu. Koma ndinakumbukira nkhungu zouluka zija, mmene zimadzadzira pa babu lililonse zikachoka kunyanja, ndi phulusa lakuda lomwe limagwa ngati mvula akamawotcha nzimbe kuesiteti. Ndinasankha chibokosi chakuda chosayaka, ndipo pamabowo a mpweya ndinamatapo zidutswa za neti yakale.

Loweruka lina aphunzitsi anabwera kwathu, tinalumikiza zonse pamphasa. Poika pulosesa ndinkafuna kuikankha, iwo n'kumati, "Usakanikize, imakhala yokha." Tinalumikiza ku TV yathu yakale, ndipo inayaka. Kulemba inkalemba bwinobwino. Koma titayesa gemu ija, lole inkadumphadumpha ngati chule, msewu n'kumaduka. Pa bolodi panali mpata wautali wopanda kanthu, wodikira khadi. Amalume analipo tsiku limenelo. Anaona kuti yayaka, anaona zilembo zikutuluka, anagwedeza mutu mokhutira. Ine sindinaganize kanthu za kugwedeza mutuko.

Mpunga wa chaka chotsatira wonse unali wa khadi. Ndinawaonetsa amalume chithunzi chake pafoni ya aphunzitsi, ndinawauza dzina lake mpaka analiloweza. Atabwerako ndinawaona ali patali, atasenza katoni yaikulu paphewa. Khadi silikula choncho.

"Bwana mkubwa, bwera udzalandire!"

Pa katoni panali chithunzi cha pulinta.

"Ndaganiza bwino, mwana iwe," anatero atakhala pampando, katoni ili pamiyendo. "Kakhadi kako kaja ndakaona. Kangati sopo wochapira, koma mtengo ngati wa njinga. Ndafunsa wa m'sitolo kuti kamagwira ntchito yanji, akuti n'ka masewera. Masewera! Ndiye ndawonjezera zanga ndakugulira ichi. Kompyuta yayaka kale, si choncho? Anthu a kuesiteti amafuna makalata ofunsira ntchito, ena makadi a ukwati. Uzidzipezera wekha sopo, amayi ako apumeko."

Sankanama, ndipo sanali munthu woipa. Anali atachotsa za m'thumba mwawo chifukwa cha ine. Amayi nkhope inawala, anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

Ndinagwada monga mwa masiku onse. Amalume ananyamula katoni ija ndi manja awiri n'kuisendeza kwa ine. Manja anga anali pamiyendo, ndipo anakhala pomwepo.

"Landira, iwe," anatero amayi.

Sindinasunthe. Ndinkamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nyumba. Katoni inali yolemera, ndinkaona mikono ya amalume ikuyamba kutsika.

"Manja akumuwawa, achimwene," amayi anafulumira kunena. "N'kupuntha mpunga kuja. Ingoikani pansi."

Anali atanditsegulira khomo lothawira, ndipo ine wa masiku onse ndikanatulukira pomwepo.

"Manja ali bwinobwino, amayi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka. "Zikomo amalume, koma sindinakutumeni pulinta."

"Nanga ukufuna chiyani?"

Bodza linali pafupi. Aphunzitsi anali atanenapo kuti khadi limathandizanso ojambula mapulani a nyumba. Ndikanangoti n'la sukulu, nkhani ikanafewa, chifukwa mtsikana akati "sukulu" aliyense amamvetsa. Koma ndinali nditaingitsa mbalame dzuwa lili paliwombo, misundu itandiluma m'matope, ndipo sizinali za mapulani a nyumba.

"Ndikufuna kusewera," ndinatero.

Amalume anaika katoni pamphasa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana amayi.

"Chemwali, mwana wanu wandisiya ndi katundu m'manja ngati kondakitala." Anaimirira n'kukutumula thalauza. "Wa m'sitolo anati amalandiranso katundu ngati tepi sinamatulidwe. Ndipitanso mwezi ukatha. Koma ndikukudziwa iwe, utsegula wekha sabata isanathe."

Tepi imeneyo inali yofiirira, yodutsa pakati pa katoni kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Ikangoduka, pulinta ndi yanga mpaka kalekale, ndipo khadi lapita pamodzi ndi mpunga wa chaka chonse. Ndinaikokera katoni kuchipinda kwanga n'kuifunditsa chitenje.

Amayi sanandilankhule bwino masiku amenewo. "Wandichititsa manyazi pamaso pa achimwene," ankatero akutsuka mbale mwaphokoso. "Ine pa msinkhu wakowo masewera anali atatha kalekale." Mawu amenewa anandipweteka, osati chifukwa ananditukwana ayi, koma chifukwa ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinayesa kukumbukira ngati ndinawaonapo amayi akusewera chilichonse, sindinakumbuke. Pomwe amalume, tsiku lililonse akaweruka kumsika, amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anzawo pa bawo mpaka njala kuwakumbutsa kwawo. Sindinamvepo munthu akuwafunsa kuti bawo imabweretsa sopo wochuluka bwanji.

Mbiri inafala kuti kwathu kwabwera pulinta. Kunabwera mayi wa kwaya wofuna mapepala a nyimbo. Kunabwera bambo wodula nzimbe wofuna kalata. Onse ndinawauza ndili chogwada kuti pepani, pulinta si yathu, ikubwerera. Bamboyo anandimvetsa chisoni, anali atayenda mtunda, ndipo atachoka ndinakalira kuseri. Koma tepi sindinaikhudze.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza amayi m'chipinda changa, chitenje atachotsa, mpeni wosendera chinangwa uli m'manja.

"Tingoona mkati mokha," anatero. "Kuona kokha kuli ndi mlandu?"

Ndinangopita n'kukhala pa katonipo, yunifomu ili m'thupi, chikwama chili kumsana.

"Uiphwanya, wamisala iwe!"

Ndinanyamuka pang'ono kuti ndisailemere, n'kukhala chonjuta pamwamba pake. Amayi anandiyang'ana mmene ndinalili, pakamwa pawo panagwedezeka ngati afuna kuseka, koma anadziletsa n'kutuluka. Kuchokera tsiku limenelo mdani anatsala mmodzi, kutentha. Kona imodzi ya tepi inayamba kutukuka yokha, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaisisita ndi chala chachikulu kuti igwire.

Mwezi utatsala pang'ono kutha amalume sanabwere kudzaitenga. Ndinadziwa kuti akudikira kuti nditope. Ndiye ndinapinda nkhata, ndinasenza katoni pamutu, ulendo wa kumsika. Njira yake imadutsa pa kanyumba ka magemu kaja. Anyamata anaitana kuti, "Chemwali, mwatibweretsera chiyani?" Sindinacheuke, komanso sindinafulumize mwendo.

Amalume ndinawapeza pa bawo. Ndinatula katoni pambali pawo n'kugwada.

"Alendo anu awa, akulu," anatero mnzawo amene ankasewera naye. "Abwera ndi chiwongo?"

Amalume sanaseke. Anamaliza kutakata, kenako anati, "Ndiye sunasinthe maganizo? Chinthu chopindulitsa ukuchikana chifukwa cha masewera?"

Ndinayang'ana pansi, koma ndinafunsa.

"Amalume, nanga bawoyi imapindulitsa chiyani?"

Kenako mnzawo uja anaphulika kuseka mpaka kugwetsa nkhomo pansi. "Wakudyani, akulu! Wakudyani mtaji wonse!" Ena amene anaimirira kumbuyo nawonso anaseka. Ine sindinaseke, ndinkaopa kuti ndapyola malire, ndipo mwina ndinapyoladi. Amalume anakoka katoni ija, anayendetsa chala pa tepi kuchokera mbali ina mpaka ina, anaima pa kona yotukuka ija, n'kuikanikiza.

"Pita kunyumba," anatero.

Sanandiuze ngati avomera kapena ayi. Anapita ku Lilongwe, ine n'kumadikira, m'kope osalembamo kanthu chifukwa ndinalibe choti ndilembe.

Atabwerako sanaitane kuti bwana mkubwa. Analowa chete, anapereka moni kwa amayi, anakhala pampando womwe uja. Kenako anatulutsa m'chikwama kabokosi kakang'ono kokutidwa ndi pulasitiki.

"Manja aja anachira?"

Ndinagwada n'kutambasula onse awiri.

Khadilo linali logwirapo kale ntchito, ndipo fani yake imalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Amalume ndalama zawo zomwe anawonjezera anatenga, ndipo panapita nthawi asanayambenso kundiseka. Makalata anthu amakasindikizabe kumsika. Ndinalilowetsa ndekha mumpata uja mpaka linalira kuti khwa, ndinatseka chibokosi, ndinayatsa. Lole inanyamuka mosalala, mvula ikuwaza pagalasi.

Amayi anaima pakhomo ndowa ili m'manja, anayang'ana kwa kanthawi.

"Imeneyi ikupita kuti?"

"Kutali, amayi."

"Ikafika ukatunge madzi."

Ndinavomera. Kenako ndinachepetsa liwiro, ndinayendetsa pang'onopang'ono, ndipo amayi sanachoke pakhomopo mpaka titawoloka mlatho.