Chiluwe cha ku Springburn

A Fryson Kachingwe amagwira ntchito yokankha odwala pa chikuku m'chipatala china muno mu Glasgow. Ndi munthu wa mawu ochepa, mkulu wa mpingo, kwawo ku Ntcheu. Akaweruka amakwera basi kupita ku Springburn, kumene ali ndi kadimba ka khonsolo kosaposa bwalo la nyumba.

M'kadimbamo amadzala maungu akwawo. Nthanga zake anawapatsa mayi awo, amene tsopano anatisiya. Chaka ndi chaka ankadzala pang'ono, nkhwani n'kudya, koma dungu lokhwima sanaliwonepo. Chaka chino anakhuthula zotsala zonse, ndipo zambiri sizinamere chifukwa cha ukalamba. Anadziwa kuti chisanu chikafika popanda dungu, mbewu ya mayi awo yathera pomwepo.

Maluwa anayamba mu Julayi. Aakazi, amene amakhala ndi kadungu kunsi kwake, ankatseguka bwino, koma patapita masiku kadunguko kankachita chikasu n'kuthothoka. A Fryson anaweruza kuti olakwa ndi nkhono zopanda chigoba, pakuti zimakonda chilichonse chofewa ndipo zinali zitaboola maluwa angapo. Mayi wina wachisikoti wa dimba loyandikana ndi lawo anawauza kuti nkhono zimakodwa ndi mowa wothira m'kachitini.

Ndi mmene mkulu wa mpingo anapezekera pa mzere m'sitolo atanyamula zitini za mowa. Tsoka lake, kumbuyo kwawo kunali a Hamilton, mnzawo wa m'kwaya.

"Akulu ampingo, kodi ludzu lafika pamenepa?"

"Ndi wa nkhono, achimwene."

"Ehe! Ifenso kale tinkati ndi wa alendo."

Nkhono zinafa zambiri, nkhani inafika mpingo wonse, koma timaungu tinapitirirabe kugwa.

Loweruka lina a Fryson analawirira kudimba, atavala chijasi, nakhala pa ndowa yovundikira kuti aone okha. Maluwa anali atatseguka, achikasu ngati dzira, aamuna ataima pa timapesi tawo tatitali. Kunja kunali kozizira, njuchi kunalibe ndi imodzi yomwe.

Posakhalitsa anatulukira akazi awo, mayi Ketrina, akuchokera ku ntchito yosamalira okalamba, kajumbo kali m'manja. Anapereka moni, nawerama, nayamba kuthyola maluwa aamuna limodzilimodzi, aakazi n'kumawasiya. Umu ndi mmene mkazi aliyense wa ku Ntcheu amathyolera chiluwe, ndipo a Fryson anali akuchidya chotendera mwezi wonse osaganizapo kanthu. Anangoyang'ana.

Dzuwa litafunda, mayiwo akumanga kajumbo, kunabwera chinjuchi chaubweya cha kunochi. Chinalowa m'duwa lalikazi, chinatuluka, chinazungulira, n'kupita ku maluwa a buluu a mayi wachisikoti uja. Chinabwera chopanda mungu, pakuti mungu wonse unali m'kajumbo.

"Mayi a Temwa," anatero a Fryson, "kodi kumudzi chiluwe munkathyola nthawi yanji?"

"Tikamaweruka kumunda. Bwanji?"

"Njuchi zitadya kale."

Mayi Ketrina anayang'ana kajumbo, nayang'ana duwa. Kwawo njuchi zimadzuka ndi nkhuku, munda ndi waukulu, maluwa sangathe. Kuno njuchi zimadikira kuti kufunde, ndipo duwa la dungu limatseka lisanafike masana.

"Ndiye mukuti nkhono ndine?"

"Sindinatero."

"Nanga ankapempha chiluwe china m'mbale ndani? Mowa munagula uja mukanatchera pakhomo pathu, mukanakola awiri."

A Fryson anaseka, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Mayiwo anamasula kajumbo, natenga duwa limodzi, nalisenda, nakhudzitsa mutu wake wa mungu pakati pa duwa lalikazi. Kuyambira tsiku limenelo anagwirizana kuti chiluwe ndi cha njuchi mpaka masana, chotsala ndi cha anthu. Nkhono sanazipatse gawo.

Nthawi inali itatha kale. Mwa timaungu tonse, kamodzi kokha ndiko kanagwira. A Fryson anakaika pa thabwa kuti kasaole ndi mvula, nathena nsonga zina kuti mphamvu ipite kumeneko. Anthu a kumpingo opempha nkhwani anawakaniza, mwaulemu. Mu Okutobala, wailesi italosera chisanu, analithyola dungulo lisanakhwimitse kwenikweni, nalikweza basi atalifungatira ngati khanda, nakaliika pa windo.

Analisiya pamenepo mpaka khungu litauma gwa. Tsiku lolidula, mpeni unali m'manja mwa mayi Ketrina, chifukwa a Fryson anati dzanja lawo likupweteka. Dungu linang'ambika. A Fryson anatola nthanga imodzi naifinya pakati pa zala. Inali yonenepa, yolimba, osati mphwepwa.

"Zili ndi mtima," anatero.

Anaziyanika pa nyuzipepala pafupi ndi chotenthetsera nyumba, nakhala pampando osavula nsapato.

"Dungulo ndiphike?" anafunsa mayiwo.

"Phikani. Muitanenso a Hamilton. Muwauze kuti chakumwa ndi tiyi."