Mashoko atsopano pa njinga yanu

Bambo a Tadala, papita zaka zitatu chitisiyireni. Lero Tadala wasintha mashoko a kumbuyo pa njinga yanu yamoto yakale ija. Atamaliza kumanga wati, "Amayi, kwerani tiyese." Pomwepo ndakumbukira tsiku lomwe munawasintha inuyo. Munandikweza mpaka ku Bowe, mukulowa dala m'maenje, n'kumandifunsa ngati ndikugwedezeka. Ine ndinkangoti, "Akadali olimba, tibwerezenso." Tinabwereza katatu, inu mukutsika ndi sipanala, thukuta lili kamukamu.

Lero ndiulule, amuna anga. Mashoko aja anali bwinobwino kuyambira ulendo woyamba. Ndinkangofuna kukugwirani m'chiuno mudzi wonse ukuona. Mwana wanuyu nayenso ndamunamiza chimodzimodzi, ndipo tafika mpaka ku Madisi.