Tsiku Limene Sindinayankhe Moni

Chimene chinandiyambitsa kumvera mabuku ndi ulendo wapansi. Ndinali namwino pa kachipatala ka esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo kuchokera pamenepo kukafika kwathu, kufupi ndi mishoni, unali mtunda wotopetsa, uku tiyi uku tiyi, popanda chachilendo choti diso n'kugwerapo. Mkazi wa bwana wina wa pa fakitale, pobwerera kwawo, anandisiyira katoni ya makaseti pamodzi ndi kawailesi kake kokwana m'thumba, ka timawaya toika m'makutu. Sanali makaseti a nyimbo ayi. Anali mabuku a Chingerezi, munthu akuwerenga mokweza kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Ena anali a chikondi cha makedzana, a atsikana a madiresi okwekwereza pansi amene ankatha kaseti yonse akukana mwamuna yemwe tonsefe tikudziwa kuti akumufuna. Amenewo ndinkamvera pochapa, uku ndikuwakalipira kuti, "Iwe, tangovomera, mabatire akutha!" Koma a pamtima panga anali a ofufuza milandu. Munthu wafa m'chinyumba chachikulu, zitseko n'zokhoma, aliyense ali ndi bodza lake, kenako pabwera mkulu wina wofatsa n'kumafunsa timafunso tooneka topanda pake mpaka wakuphayo agwidwe. Ndinkawakonda koopsa. Mantha ake anali okoma, chifukwa akakukwana umangodina batani basi.

Mayi anga sizinkawasangalatsa. Ife ndife a Sabata, ndipo iwo ankati Mkhristu sataya nthawi ndi nkhani zopeka. Tinapangana kuti Lachisanu dzuwa likamalowa, kawailesi kazilowanso m'sutikesi mpaka Sabata lituluke. N'chifukwa chake Lachisanu ndinkamvera mwaphuma panjira, kuti pofika pakhomo ndikhale nditamudziwa wakupha. Mabatire ndinkawaumira ngati mchere wobwereka. Kubweza kaseti ndinkabweza ndi bolopeni, ndipo mabatirewo akafooka ndinkawayanika padzuwa kuti andiperekezeko tsiku lina.

Dzinja la 2002 linabwera ndi mphekesera za anamapopa. Anthu anali asanaiwale njala, matupi adakali ofooka, ndiye kunamveka kuti kuli anthu oyenda ndi timakina ndi timapaipi, opopa anzawo magazi n'kukagulitsa. Aliyense anali ndi msuweni wake amene anadzuka ali wefuwefu, kabala kali pamkono. M'midzi ina anthu anasiya kugona m'nyumba, n'kumagona pagulu panja. Tinamva kuti kwina mlendo waphedwa ndi miyala. Kuchipatala odwala anachepa, ndipo amene ankabwerawo ankabisa mikono m'zitenje. Akuluakulu athu anatiuza kuti tisamayende ndi jakisoni, magolovesi, ngakhale yunifolomu imene. Ndinamvera zonsezo, ndinkaweruka nditavala bulauzi ndi chitenje. Za kawailesi sindinaziganizire n'komwe, poti kwa ine kanali buku chabe.

Lachisanu lina mvula inandichedwetsa, choncho ndinadzera njira yachidule yodutsa m'chigawo china cha esiteti, kumene sankandidziwa kwenikweni. Kaseti inali kumapeto, wofufuza uja ali pafupi kutchula dzina. Ndinakweza mawu. Pa shedi yopimira masamba ndinaona othyola tiyi atasonkhana, madengu ali pansi, koma ndinangowaona ndi maso okha, mutu uli kutsidya kwa nyanja. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anandipatsa moni, n'kubwereza, wina mpaka anakuwa kufunsa kumene ndikupita. Ine zii, ndikungoyenda chowerama, timawaya tikuchokera m'makutu kulowa m'bulauzi. Kwathu kuno munthu sadutsa anzake osayankha moni, ngakhale akhale pa liwiro lotani.

Ndinangomva dzanja kundigwira paphewa. Potembenuka, njira yonse inali itadzaza anthu.

"Imani pomwepo, mayi!" anatero bambo amene anandigwirayo. "Mwabisa chiyani m'malayamo?"

"Ndi wailesi, bambo."

"Wailesi yanji yosalira? Wailesi yanji yolowa m'thupi?"

Ndinakatulutsa. Kanyali kake kofiira kanali kakuyaka, timawilo tikuzungulira. Mayi wina wa duku lobiriwira, ali ndi mwana kumbuyo, anasuzumira pa kawindo kake n'kukuwa kuti, "Taonani zofiirira zikuyenda m'katimo! Ndi omwewo awa! Mwana wanga wafooka sabata yonse, kani ndi anthu ngati awa!"

Ndinati ndine namwino wa pa chipatala cha esiteti. Apo ndiye ndinaonjezera moto, chifukwa namwino ndiye wodziwa pamene pali mtsempha. Ndinawapempha kuti amvere okha, ndikuwapatsa timawaya tija, koma palibe amene analola kuti timukhudze. Ndinakweza mawu mpaka pamapeto kuti amvere chapatali. Tsoka lake mabatire anga oyanika padzuwa aja anasankha nthawi yomweyo kuti afe. Mawu a mzungu wowerengayo anayamba kukoka, kunenepa, kubuula pang'onopang'ono ngati munthu wolankhulira m'chitsime. Anthu anabwerera m'mbuyo onse pamodzi. Kenako ndinaona misana ikuwerama, manja akutola miyala ya mumsewu.

Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinadziwa kuti ndifera pano, masana, pakati pa tiyi, mayi anga akuyala nsalu yoyera patebulo kundidikirira. Ena anayamba kulankhula Chilomwe mofulumira, ndipo pang'ono pamene ndimamva panandikwanira. Mayi wa duku uja anagwira mwala ndi manja onse awiri.

Pamenepo anatulukira kapitawo wawo, bambo wachikulire amene ndinawatsukapo bala la chikwanje pamwendo. Ndinati ndapulumuka, anena kuti akundidziwa. Koma iwo sanandiyang'ane n'komwe. Ananditsomphola kawailesi kaja, n'kukamenyetsa pa simenti ya shedi, n'kukapondaponda ndi jombo mpaka kanaphwasuka. Anasolola tepi ija, yaitali, yofiirira, n'kuikweza m'mwamba, akuifinya ndi zala.

"Magazi ake ali kuti?" anafunsa. "Youma gwaa iyi! Bwerani muigwire."

Bambo amene anandigwira uja anaikhudza, n'kuyang'ana chala chake. Enanso awiri atatu anatero. Miyala inali idakali m'manja. Ndiye kapitawo ananditembenukira ndi ukali umene sindinauyembekezere.

"Koma inu anesi, mwano umenewu mwauphunzira kuti? Anthu akuluakulu akukupatsani moni, inu n'kumangodutsa ngati mukudutsa ziphutsi? Sukulu yake ndi imeneyo? Gwadani, mupepese!"

Ndinagwada m'matope momwemo. Ndinati pepani makolo anga, ndalakwa, sindinamve. Kenako, posowa chonena china, ndinati, "Mwaswera bwanji nonse?" Mayi wina wachikulire anayankha chapansipansi kuti taswera, kaya inu. Wina anatsatira, winanso, monyinyirika, ndipo ndinamva miyala ikugwa umodziumodzi. Mlandu wanga unali utasanduka wa mwano, umene munthu saphedwa nawo. Kapitawo anandiperekeza mpaka pa msewu waukulu, ndipo mawu okha amene ananena anali akuti ndisacheuke. Mayi anga sindinawauze kanthu tsiku limenelo. Ndinati ndaterereka.

Mlungu wotsatira ndili pa ntchito, ndinakweza mutu kuitana wodwala wina, ndipo analowa mayi wa duku lobiriwira uja. Anandizindikira, inenso ndinamuzindikira. Akanakhala ndi kwina kopita akanabwerera, koma mwana anali atatentha ngati mbaula, maso atatembenuka. Pa benchi panja panakhala mwamuna wake ndi abale ena, akuyang'ana chitseko.

Kuti tidziwe ngati ndi malungo, ndinayenera kutenga magazi.

"Mumubaya, anesi?" anafunsa.

"Kadontho kamodzi kokha, mayi, pachala. Muziona nokha."

Ndinatsegula chitseko kuti a pa benchi aja aziona chilichonse. Ndinadziwa bwino lomwe kuti mwanayu akamwalira ine nditamutenga magazi, palibe kapitawo amene adzandilanditse kachiwiri. Ndinabaya. Kadontho kanatuluka, ndinakapaka pa kagalasi, ndipo mayiyo anakatsatira ndi maso mpaka pamene ndinakaika.

Anali malungo aakulu. Tinamugoneka mwanayo, tinamuyamba mankhwala, ndipo ndinakana kuweruka mpaka thupi litazizirako. Anachira, anatuluka akuyamwa. Koma masiku amene anagona pabedi paja sindinkadya, ndinkangopita kukamugwira pachipumi, mayi ake ali mbali iyo, ine mbali ino, osayang'anana. Ndinamupempherera mwana ameneyo kuposa wodwala wina aliyense, ndipo ndisaname, sindinkapempherera moyo wake wokha.