Nyundo ya pansi pa bulangete

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anandisunga m'nyumba ija, chifukwa mwa ine ndekha ndikadathawa tsiku lachitatu.

Nditasamuka ku South Bend, ntchito yoyamba imene ndinapeza ku Indianapolis, konkuno ku America, inali yosamala bambo wina wokalamba, mzungu, amene ankakhala yekha kufupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto la Speedway. Inali nyengo yozizira, ya chipale chofewa. Shifiti yanga inali ya masana, koma kunja kunkakhala kotuwa ngati phulusa. Kuseri kwa mpanda kunali njanji.

Tsiku loyamba ndili kukhitchini ndinamva chitsulo chikulira kuchipinda: ngwee. Kenaka zii. Ngwee. Nditalowa ndinapeza bambowo agona chagada, maso otseka, manja m'bulangete. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndinaima pakhomo nthawi yaitali, tsitsi likunyerenyesa, ndikutchula mwazi wa Yesu chamumtima.

Ndinaimbira mnzanga wina wa kumpingo kwathu ku South Bend, mayi wosachedwa kuyankha.

“Achemwali, ingokwitani ntchitoyo, isiyeni,” anatero. “Mwaolokera nyanja zonsezi kudzagwira ntchito kwa mizukwa? Mizukwa yakuno siimva Chichewa, muidzudzula bwanji?”

Ndinaseka.

Mawa lake, posintha nsalu za pabedi, ndinapeza kanyundo ka mpini wakuda ndi thukuta la zaka zambiri. Bambowo anandigwira dzanja mwamphamvu imene sindinkayembekeza.

“Usachotse. Ndikuyesa bedili.”

Anamenya chitsulo cha m'mbali mwa bedi, natchera khutu. Ndipamene anayamba kulankhula. Ali mnyamata analowa ntchito pa fakitale ya mainjini a sitima. Amene anamuphunzitsa anali akuluakulu omwe anapanga mainjini a malasha, otulutsa nthunzi, dizilo isanabwere n'kuwachotsa ntchito mmodzimmodzi. Anamusiyira luso limodzi: gudumu lililonse, lisanatuluke, ulimenye ndi nyundo. Labwino limaimba. Lokhala ndi mng'alu mkati, ngakhale liwale chotani, limangoti phu.

Tili pakati pa nkhaniyi, sitima ya katundu inayamba kudutsa kuseri. Mazenera ananjenjemera. Bambowo anauma gwa, milomo ikuyenda, maso pa denga, mpaka ngolo yomaliza inapita.

“Lapitanso bwino,” ananong'ona.

“Chiyani, bambo?”

“Gudumu langa.”

Lachisanu lina kufakitale kuja, iwo anati, belu loweruka litangolira, gudumu lomaliza linati phu. Analimva bwino lomwe. Anzawo anali atavala kale majekete. Bambowo analemba ndi choko pagudumupo kuti lili bwino, napita. Sanamvepo kuti sitima inagwa chifukwa cha ilo. Sanamvenso kuti sinagwe. Sanauze mkazi wawo mpaka anamuika m'manda.

Ndinawauza kuti gudumu limenelo linasungunulidwa kalekale.

“Iwe unaliona?” anandifunsa.

Adokotala anali atanena kuti masiku awo ndi ochepa, ndipo ndinaona kuti munthuyu afa akumvetsera njanji, asanapemphe chikhululuko kwa aliyense. Mantha anga a mizukwa anandichititsa manyazi. Tchimo lobisika lija, limene Davide anati linkaumitsa mafupa ake, ndinaliona ndi maso, litagona pabedi.

Kuntchito satilola kulalikira. Ndinangowafunsa ngati anamuuzapo Mulungu.

“Akudziwa kale.”

“Akudziwa, inde. Koma inu munamuuza?”

Anatembenukira kukhoma. Masiku awiri sanandilankhule, ndipo phala ankalikankha. Ndinaganiza kuti ndalakwa, ndipo mwina ndinalakwadi polankhula mothamanga.

Tsiku lachitatu anandiitana. Mawu anali atachepa.

“Pemphera m'chilankhulo chako. Zanga ndinena ndekha.”

Ndinagwada pa kapeti. Ine ndinkapemphera m'Chichewa, iwo akung'ung'udza m'Chingerezi za choko, za belu, za anthu amene sanawaonepo nkhope. Sindinakweze mawu kapena kupumira, koma nditangofika pa dzina la Yesu iwo anati “Ameni” pamodzi ndi ine, ngati akhala akumva zonse. Thupi langa lonse linachita tsemwe.

Anapempha madzi, namwa kapu yonse. Anamwalira Lamlungu masana, ine ndili kutchalitchi. Za gudumu lija sindikudziwa mpaka lero, ndipo sindinapatsidwe kuti ndidziwe.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akupatseni pakamwa pomasuka mpweya ukadalipo, akutumizireni munthu wogwada nanu, ndipo mtendere wake ugone m'nyumba zanu.