Sandifolo wa Lole ya ku Silobela

Sandifolo anafika ku Kwekwe atayenda wapansi kuchokera ku Ntcheu. Anali ndi Iddi, Myao wa ku Balaka amene anakumana naye powoloka Zambezi. Kumudzi Sandifolo anasiya mkazi wake Dorika ali woyembekezera.

Ntchito yawo yoyamba inali yotsitsa matumba a ufa m'sitima n'kuwakweza m'ngolo zopita ku migodi ya ku Silobela. Ankagona chipinda chimodzi m'komboni, n'kumadyera mbale imodzi. Patapita zaka Iddi anapatsidwa chikwapu, nayamba kuyendetsa ngolo. Sandifolo mtima wake unali pa lole imene kampani yawo inali itangogula. Ankaitsuka osatumidwa, ndipo mzungu woiyendetsa akamaikonza, iye ankagwira sipanala, maso ali tcheru. Tsiku lina malungo anamugwira mzunguyo pakati pa msewu. Anangosendera kumbali n'kumuuza Sandifolo m'Chilapalapa kuti ayendetse: "Wena tshayela." Sandifolo anagwira chiwongolero, ndipo ufa unafika.

Umu ndi mmene anakhalira dalaivala. Anamupatsa yunifolomu ya khaki ndi kanyumba kayekha pafupi ndi mosungira katundu. Koma lole inkapita ndi kubwerako ngolo zisanafike n'komwe. Posakhalitsa ng'ombe zinagulitsidwa, ndipo anthu onse a ngolo anachotsedwa ntchito. Sandifolo ndiye anatumidwa kukawatula kusiteshoni.

"Achimwene, tiyeni tibwerere limodzi," anatero Iddi potsika. "Mwana wanu panopa akutunga madzi."

"Chaka chamawa, achimwene. Ndikachoka lero, mpandowu ndidzaupeza pali wina."

Sandifolo anatulutsa nsalu imene anagulira mkazi wake. Iddi analandira nsalu ya Dorikayo, naikulunga mu mkeka wake wopempherera.

Chaka chamawacho kampani inagula malole ena, ndipo Sandifolo ndiye ankaphunzitsa oyendetsa atsopano. Kenako kunabuka nkhondo ya azungu, katundu anachuluka, tchuthi osaoneka. Uthenga unabwera ndi Yobu, mlendo wa kwawo wofuna ntchito: mwana uja anali wamkazi, dzina lake Felesita, ndipo Dorika anatopa n'kudikira, anakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa.

"Nsalu ija anailandira?"

"Anailandira, bambo. Anamusokera mwana diresi."

Sandifolo anagwedeza mutu, n'kupita kukapopa matayala.

Nkhondo itatha anamukweza kukhala kapitawo wa malole onse. Anasiya kuyendetsa. Ankakhala pakhomo la mosungira katundu, kuuza anthu kopita. Madalaivala ankamutcha baba, koma akawayandikira, nkhani zawo za m'Chishona zinkathera pomwepo. Lamlungu anthu akamavina beni m'komboni, iye ankaima kumbuyo, chipewa chili m'manja, osadikira kuti gule athe.

Kumudzi sanabwererenso. Mlendo aliyense wa ku Nyasalande akafika ndi mapazi otupa, Sandifolo ankamupezera potsitsa matumba, n'kumuitanira kunyumba kwake kudzamwa tiyi. Za anthu sankafunsa. Ankangofuna kudziwa ngati mvula inagwa bwino ku Ntcheu.