Ndinawadyetsa Nguluwe Bambo Rajabu

Inu owerenga, ine ndinadyetsa nyama ya nguluwe munthu wamkulu wachisilamu, wosaona, amene ankandikhulupirira ngati mwana wobereka yekha. Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira mtima umachita kuwira. Ndipo amene ndimamukwiyira koposa ndi ine ndemwe, chitsiru cha munthu.

Inali nthawi ya Chitaganya, kwathu kuno kukutchedwa Kota Kota. Ndinali kalaliki wa m'misika ya mpunga, moti njira yochoka ku boma kupita ku Benga ndinkaiyenda pa njinga pafupifupi sabata iliyonse. Matama anga anali amodzi: ndinkati palibe wootcha nyama m'njira imeneyo amene ine sindimudziwa. Anzanga akamakonza ulendo ankayamba afunsa ine, ndiye ndinkawaphunzitsa ngati ana a sukulu. Osagula pamene palibe anthu, osagula nyama ya dzulo yongotenthetsa, ndipo chachikulu, yang'anani m'mwamba. Wootcha wachilungamo amapachika mutu ndi chikopa cha mbuzi pa nthambi kuti aliyense aone chimene akudya.

A Rajabu anali bwenzi la malemu bambo anga. Ife ndife Akhristu a ku mishoni, iwo Asilamu, koma mabanja athu ankadyera mbale imodzi. Pakhomo pathu nkhuku sinkafa pokhapokha a Rajabu abwere adzazinge okha, kuti nawonso athe kudya nafe. Ngakhale ng'ala itawatseka maso, ankapapasa khosi la nkhuku n'kuzinga bwinobwino. Bambo atamwalira, Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ine ndinkapita kukawatenga, adzakhale pakhonde, adye zimene mayi aphika, akambe za kale. Mayi anga anali atatsala okha, ndipo tsiku limenelo ndi limene ankaseka.

Mwana wamkazi wa a Rajabu wokwatiwa ku Benga atabereka, iwo anandipempha kuti ndiwakweze pa njinga akanyamuleko mdzukulu. Tinanyamuka m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Mayi anatikonzera kamba wa chinangwa chophika ndi nsomba zowamba, ine n'kukana. Ndinati kunyamula kamba ndi za anthu osadziwa njira. Taonani kupusa kwake!

Titawoloka pa Chia zinthu zinayamba kundipita chammbali. Wootcha woyamba amene ndinkamudalira tinapeza atapita ku maliro. Wachiwiri anangotsala ndi timafupa, ntchentche zili ng'waa. Dzuwa linafika paliwombo, mchenga ukumiza matayala, a Rajabu ali pa kaliyala. Sanadandaule ngakhale kamodzi, koma m'mimba mwawo ndinkamva mukulira, ndipo manyazi anandigwira.

Cha ku Mwadzama fungo linatipeza tisanaone utsi. Pansi pa mtengo wa mango panali munthu amene ndinali ndisanamuonepo, kofiya yoyera kumutu, akuotcha nyama yosomeka pa timitengo, mafuta akudonthera pa makala. Ndinawakhazika a Rajabu pa mthunzi chapatali pang'ono. Anandigwira mkono nati, "Mwananga, maso anga ndiwe. Ukafunse kuti ndi nyama yanji, ndiponso wazinga ndani."

Nditafika ndinayang'ana m'mwamba, monga ndinkaphunzitsira anzanga. Panalibe mutu, panalibe chikopa. Mafuta ake anali oyera, okhuthala, oti mbuzi ya m'chilimwe singakhale nawo. Mtima unandiuza ndithu. Koma ndinayang'ana kofiya ija n'kudziuza kuti uyu ndi Msilamu, kumufunsa n'kumunyoza. Bodza lenileni! Sindinafunse chifukwa ndinkaopa yankho. Akanati si mbuzi, ndikanabwerera chimanjamanja, ine katswiri wa njira uja, wokana kamba wa amake.

Ndinagula nyamayo n'kubwerera nayo pa tsamba la nthochi. Ndinati, "Ndafunsa, Bambo. Ndi mbuzi, wazinga ndi mwalimu wa pa mzikiti wa pompano." Mwalimu ameneyo ndinachita kumuumba ndekha pakamwa. A Rajabu anatchula dzina la Mulungu n'kuyamba kudya, ndipo anandiyamikira kuti malo ndimawadziwadi.

Tisanasambe m'manja kunatulukira mayi wina, khasu lili paphewa, akufuula asanafike n'komwe pa wootcha uja. "Mwaiotcha kale nguluwe yanga ija? Yandithera chinangwa chaka chonse imeneyi, ndipatseniko nane ndiilume!"

Dzanja la a Rajabu linaima m'malere. Kenaka anatembenuka, nadzipisa chala kukhosi, nkhalamba ija kusanza mpaka misozi, mkanjo wonse kuipa. Munthu amene kuyambira ali mwana sanalawepo chinthu chimenecho! Ine ndinamulumphira wootcha uja, kukankhira nyama yake m'phulusa, kumutukwana kuti wakuba, mfiti, wovala kofiya yonamizira anthu. Iye anati kofiyayo anam'patsa ndi mlamu wake, amavala pothawa dzuwa. Atatero anakweza mawu, onse akumva: "Nanga iwe unandifunsa? Si unangoti ndikupatse ya mafuta?"

Munthu ameneyo mpaka lero sindinamukhululukire. Iye anawaona a Rajabu atakhala apo mu mkanjo wawo, pakamwa anali napo, n'chiyani chinamuletsa kuchenjeza? Ankangofuna nyama yake ithe, galu wa munthu. Koma zimene ananena za ine zinali zoona, ndipo a Rajabu anazimva.

Anapempha madzi, anachukucha m'kamwa kangapo, n'kunena motsitsa mawu, "Chimene ndadya mosadziwa, Mulungu sandiwerengera. Koma iwe unati wafunsa. Mpaka mwalimu unam'peza." Abale, bola akanandikwapula ndi ndodo yawo. Ku Benga tinafika, koma pobwerera anawaperekeza ndi mkamwini wawo.

Sanauze munthu aliyense. Koma Lamlungu lotsatira nditapita kukawatenga anati m'mimba simuli bwino. Linalo anati miyendo. Mayi anaphika mpunga ndi chambo n'kundipatsa kuti ndikapereke, mbale inabwerera yosavundukula. Ndipo sindingawanene a Rajabu. Munthu wosaona amadya pokhulupirira amene wamuikira mbale, ndipo pakhomo pathu woika mbale ndinali ine. Kuti afotokoze, anayenera kundiyalutsa kwa mayi anga, ndiye anasankha kukhala chete.

Amene anapsa ndi moto umenewu ndi mayi anga, osalakwa. Anayamba kudzifufuza okha: mwina tsiku lina anawayankha mwachipongwe, mwina wina anakawanamizira kuti ziwiya zathu n'zodetsedwa. Anagula mbale zatsopano. Tsiku lina anavala nsalu yawo ya ku tchalitchi, kupita kukagwada pakhomo pa a Rajabu, kupepesa mlandu umene sankaudziwa. A Rajabu anangoti, "Dzukani mayi, inu simunandilakwire." Ine ndinali chiimire pambali. Ndinkati ndiulula mawa, mawa lake n'kukhala mawa lina, mpaka a Rajabu tinawaika m'manda.

Tsono inu oyenda maulendo, fungo la nyama lisakutsekeni pakamwa. Funsani mokweza kuti ndi nyama yanji, wazinga ndani, ndipo ngati mukugulira mnzanu amene ali ndi zimene amasala, funsani iye akumva. Wogulitsa akakwiya, akwiye, njala ya tsiku limodzi siipha munthu. Mukalephera kufunsa, nenani kuti sindinafunse, manyazi ake amatha tsiku lomwelo. Ndipo ngati mwanama kale, ululani anthu ake akadali ndi makutu. Musachite ngati ine.

Mayi anga atadwala matenda awo omaliza, tsiku lina masana anandiitana pafupi ndi mphasa. Mawu anali atachepa kale. Anandifunsa kuti, "Iwe unkayenda nawo. Kodi a Rajabu ndinawalakwira chiyani?"

Ine ndinati sindikudziwa.